Zitsulo za a Kamwendo ndi Asamurai a ku Spinney Hill

Ndiyambe ndi kuvomera, pakuti munthu amene anapuma pa ntchito saopanso bwana: amene anayambitsa zonsezi ndi ine. Si a Kamwendo, si a Mbewe, si anthu a ku Japan. Ndi ineyo Yamikani, bambo wanu, amene ndapuma pa ntchito ndili ndi zaka 17. Ndikulembera inu ana anga, ngakhale simunabadwe ndipo mayi anu sindinakumane nawo, chifukwa Amalawi a kuno ku Leicester, kwa azungu, ndimawadziwa: mukadzangomera mano adzayamba kukuuzani nkhaniyi mokhotetsa. Za ubwana wanga ku Chilomoni ndizidumpha. Mungodziwa kuti ndinafika kuno ndili ndi zaka 12, Chichewa chili chodzaza m'kamwa, pamene anzanga obadwira kuno ukawapatsa moni wa kwathu amakuyankha m'Chingerezi. Chichewacho ndi chimene chinandipezetsa ntchito, ndipo ndi chomwecho chinandichotsetsa.

Okutobala: kulembedwa ntchito

Bwana wanga woyamba, amenenso ndi womaliza, anali a Kamwendo, bambo wamasiye amene anagwira ntchito m'nyumba yosamaliramo okalamba ku Evington mpaka iwonso anakalamba. Asanabwere kuno anali ndi vidiyo sho ku Bangwe, ndipo nkhani imeneyo sinkachoka pakamwa pawo. Lamlungu lina anapita ku msika uja azungu amagulitsirako zinthu zimene atopa nazo, n'kubwerako ndi katoni yodzaza mafilimu a ku Japan. Anthu atawafunsa chifukwa chake sanagule a zibakera a ku America, anati, "Galimoto zonse za kwathu zimachokera ku Japan. Munthu amene amapanga injini yokwera phiri la Zomba itanyamula anthu makumi awiri ndi mbuzi sangapange filimu yoipa." Anapempha holo ya tchalitchi chathu ku Spinney Hill, ija ili pakati pa butchala ndi golosale, kuti Loweruka masana, amayi akamaliza mapemphero awo, aziwonetsa filimu.

Mayeso a ntchito ndinalembera pa masitepe a holoyo.

"Ndiwe mwana wa a nesi aja, a Nachisale?"

"Eya, ankolo."

"Chichewa umachitha, kapena ndiwe wa yesi-yesi?"

"Ndimayesetsa, ankolo."

"Nena mwambi umodzi."

"Ukaipa dziwa nyimbo."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato. "Bola ukudzidziwa. Uyambe Loweruka."

Malipiro anali mandasi awiri ndi botolo la zoziziritsa kukhosi. Udindo wanga woyamba unali woyala mipando. Patatha milungu iwiri ndinakwezedwa kupita ku pulojekita, chifukwa amene ankaigwira anamupatsa mashifiti a Loweruka kuchipatala. Inu mudzagwira ntchito m'maofesi ofunda, ndiye dziwani mavuto amene ife a nthawi imeneyo tinadutsamo. Hita inkatenthetsa mbali imodzi yokha ya holo, moti mpingo wonse unkaunjikana kumanzere ngati bwato lofuna kumira. Sikirini tinalibe, tinkapachika nsalu ya pabedi ya a Kamwendo, ya bedi la munthu mmodzi. Nsaluyo inali yaifupi, choncho mawu a Chingerezi omasulira, amene amalembedwa m'munsi mwa filimu, ankagwera pa piyano yakuda imene inali pansi pake, osawerengeka. Filimu yoyamba anthu anaionera yonse osamva kanthu, mpaka mayi wina anafunsa ngati amene wafayo anali mwamuna wa mtsikanayo kapena bambo ake. Apo m'pamene a Kamwendo anandipatsa maikolofoni. "Kwathu filimu siyenda popanda womasulira. Iwe pa laputopu pako mawuwo ukuwaona. Uziwauza anthu." M'holo yonse, munthu mmodzi yekha ndi amene ankadziwa zimene Ajapani akunena, ndipo munthu ameneyo anali ine. Safunsa anadya phula, koma a Kamwendo sanafunse aphunzitsi anga.

Novembala: pa maikolofoni

Milungu iwiri yoyamba ndinagwira ntchito mokhulupirika, ndipo pali mboni. Vuto linali mafilimuwo. Ambiri anali akale, opanda mitundu, a asamurai, asilikali a malupanga aja omanga tsitsi pamwamba pa mutu ngati mtolo wa masamba. Anthu amenewa sathamangira kuyankhula. Msamurai amatha kulowa m'nyumba, kuvula nsapato, kugwada, kuwerama, kulandira tiyi, kumuzunguliza m'manja, kumwa, kenako n'kuyang'ana mvula mphindi zitatu zathunthu. Amayi athu ankazikonda zogwadazo. "Mwaona mmene wagwadira mtsikanayo? Ana a kuno aone." Ankakondanso kuti Ajapani, ngati ife, nkhani yovuta sainena pamaso, amatuma munthu. Koma ikafika mvula ija, mitu inkayamba kugwa m'majekete.

Tsiku lina msamurai wina atayang'ana mvula mpaka ine kumva manyazi, pakamwa panga panangotseguka pokha. Ndinakulitsa mawu n'kunena kuti, "Ndinachapa m'mawa uno. Ndinayanika. Leicester iwe." Holo yonse inadzuka. Ndinayang'ana a Kamwendo ndikuyembekeza khofi, koma iwo anali akupukuta misozi. Pambuyo pake anandiwonjezera ndasi lachitatu. "Ku Bangwe womasulira sankadikira mzungu kuti ayambe wayankhula. Womasulira ndiye mwini filimu." Mawu amenewo ndinawasunga mumtima, ndipo tsiku la mlandu ndinawatchula.

Kuyambira pamenepo asamurai onse anakhala anthu a kuno. Akamasonkhana pamaso pa mbuye wawo, ankakangana za amene agwire shifiti ya Khrisimasi. Wokwera hatchi mothamanga ankathamangira sitima ya ku Loughborough. Mkazi wolira pa mlatho ankalirira ufa wa kwathu umene unagwidwa ndi anankafumbwe m'kabati. Anthu anachuluka, mipando inachepa, ngakhale abale athu a ku Zambia anayamba kubwera, akumati, "Uyu mwana ni wofunta, koma tifuna timvereko." Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Ine za m'maluwazo ndi zimene zinkadzaza holo.

Januwale: nkhani ya phukusi

Apa ndikuuzeni za a Mbewe. Iwo ndi a Kamwendo anadziwana ali anyamata ku Limbe. A Mbewe ndiwo anali nkhoswe pa ukwati wa a Kamwendo, ndipo mayi Kamwendo atamwalira kuno, a Mbewe ndiwo anayenda m'maofesi onse mpaka thupi linakafika kumudzi. Koma pa nthawi imene ine ndinkagwira ntchito, anthu awiriwa anali atatha zaka zitatu osapatsana moni. Chifukwa chake chinali phukusi. Kuno munthu akamapita kwathu sapita yekha. Aliyense amamupatsira kanthu, ndipo ndege imalola makilo 23 pa sutikesi, osawonjezera. A Mbewe akupita ku Malawi, a Kamwendo anawapatsira phukusi la mchimwene wawo wa ku Bangwe, akuti zovala chabe. Phukusilo silinafike. A Mbewe atabwerako anangoti linalemera, osanenanso china. A Kamwendo anauza aliyense wofuna kumva kuti mnzawo anataya zovala za m'bale wawo pa bwalo la ndege kuti mabulangete a akazi ake akwane. Ngakhale zinali choncho, a Mbewe ankapezeka m'holo Loweruka lililonse, pa mpando wakumbuyo, mbali yozizira, kudikira mayi Mbewe amene ankasunga makiyi a holoyo.

Ndiye kunabwera filimu ya msamurai amene mnzake anamupatsira bokosi kuti akapereke kutsidya kwa mapiri. Panjira adani anamuzungulira pa mtsinje, iye n'kuponya bokosilo m'madzi kuti amenye bwino nkhondo. Zoona zake m'bokosimo munali kalata ya chiwembu, ndipo kulitayako kunali kupulumutsa mnzakeyo. Koma ine nditangoona bokosi, ndinamva kuyabwa pa lilime. Palibe amene anandituma. Msamuraiyo akukweza bokosi m'mwamba, ndinati, "Pepani achimwene, amfumu alola makilo 23 okha." Akuliponya m'madzi ndinati, "Mabulangete a mayi a kunyumba ayambe akwana." Anthu anaseka mpaka ena kutsokomola, ndipo mitu yonse inatembenukira kumbuyo. A Mbewe anadzuka pang'onopang'ono, kumanga mabatani a jekete, kuvala chipewa, n'kutuluka osamenyetsa chitseko. Mayi Mbewe sanadikire filimu kuti ithe. Anayatsa magetsi onse, nagwedeza makiyi. "Holo ino ndi ya mapemphero. Zatha."

Zinathadi. Miyezi inayi kunalibe filimu. Mpingo unagawanika, ena a Kamwendo, ena a Mbewe, moti ngakhale pa nyimbo mbali ziwirizi zinkayamba mosiyana. Ndipo mkati mwa zonsezi a Kamwendo analengeza kuti mu Julayi akubwerera ku Malawi, osadzabweranso. Amayi anga anandiuza tikudikira basi, osandiyang'ana. "Munthu uja akupita kukafera kwawo asanagwirane chanza ndi amene anamuikira mkazi wake m'manda. Bala linali litayamba kuuma, iwe wakalitokosa ndi maikolofoni."

Meyi: ulendo wa ku Evington

Amayi anandikoka kupita kwa a Mbewe ku Evington kukapepesa. Ndinagwada pa kapeti ngati msamurai wogonja, n'kunena mawu onse amene tinayeserera m'basi. A Mbewe anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Mayi, mutibwereke mnyamatayu pang'ono." Ananditengera ku galaja. Kuseri kwa makina otchetchera kapinga kunali phukusi lokulungidwa ndi tepi yambiri, pamwamba palembedwa dzina la mchimwene wa a Kamwendo.

"Nyamula."

Ndinaligwira ndi dzanja limodzi, silinasunthe. Ndinawonjezera lachiwiri, msana unalira.

"Zovala chabe," anatero a Mbewe. "Tsegula."

M'katimo munalidi mabuluku atatu. Koma mabulukuwo anakulungira zitsulo ziwiri zozungulira, za mabuleki a minibasi, chilichonse ngati mbale ya pa ukwati.

"Kamwendo anabwera nalo yekha m'mawa wa ulendo, naliika yekha m'sutikesi, nakhoma yekha zipi. Ine ndinkati ndi ulemu. Pa bwalo la ndege mtsikana wa pa sikelo anandiuza kuti nditsegule, mzere wonse ukuonerera. Makilo khumi ndi anayi, mphwanga. Mwana wanga anachita kubwerera nazo kuno."

"Nanga bwanji simunawauze anthu, ankolo?"

"Ndiwauze kuti chiyani? Kuti Kamwendo ndi wabodza? Munthu amene ndinamuimira pa ukwati wake sindingamuvule pagulu. Iye akudziwa chimene anaika. Akafuna, adzabwera kudzatenga." Anaphimbanso zitsulozo ndi buluku. "Ndipo iwe usauze munthu."

"Sindiuza munthu, ankolo."

Juni: chisankho chovuta

Munthu aliyense wogwira ntchito amafika pa tsiku limene ayenera kusankha pakati pa bwana ndi choonadi. Langa linafika Loweruka lotsanzikana ndi a Kamwendo. Abusa anachonderera mayi Mbewe kuti atsegule holo kamodzi kokha, ndipo anavomera, bola amuna awo akhale pomwe amakhala ndipo mnyamata uja amasulire zolembedwa zokha. M'katoni munali mutatsala filimu imodzi imene sitinaonetsepo, ya zojambula, imene a Kamwendo ankainyoza kuti ndi zidole za ana. Ndinaionera ndekha kunyumba, ndipo ndinaona kuti Mulungu amakonda antchito ake. Inali ya mzimu wokalamba wa m'phiri, wa nkhope ngati fulu, umene unatuma kankhandwe kuti kakapereke mtolo kwa m'bale wake kutsidya kwa nyanja. Kankhandwe kakamayenda, mtolowo unkalemera, mpaka miyendo inkalowa m'nthaka. Zenizeni zake mu mtolomo munali chisanu cha chaka chonse.

Ndinaganiza masiku atatu. Ndikakhala chete, ntchito ndisunga, mwina a Kamwendo andisiyira pulojekita ndi katoni yonse monga analonjezera, koma akwera ndege a Mbewe akadali wakuba zovala. Ndikayankhula, ndaluma dzanja la mandasi, ndiponso ndaphwanya lonjezo. Pa tsiku lachitatu ndinakumbukira bwino mawu a lonjezolo. Ndinati ine sindiuza munthu. Za nkhandwe ya ku Japan sitinapangane.

Tisanayambe, a Kamwendo anandikokera pambali. "Zolembedwa zokha, wamva? Koma ukaona mpata, kamchere pang'ono."

"Mpata ndauona kale, ankolo."

Theka loyamba ndinamasulira ngati wa pa wailesi. Ana anakhala chete kuonera nkhalango zowala ndi nsomba zouluka m'mitambo, ndipo ngakhale a Kamwendo anavomereza kuti zidolezo zili ndi nzeru. Kenako fulu uja anatulutsa mtolo. Ndinayankhula ndi mawu a munthu wokalamba wa ku Bangwe: "Achimwene, kaphukusi aka mukandiperekere. Ndi zovala chabe. Ayi, musavutike, ndiika ndekha m'sutikesi." Anthu anayamba kung'ung'udza, poganiza kuti ndayambiranso a Mbewe. Mayi Mbewe anagwira makiyi. Kankhandwe kanayenda, kanatitimira, kanafika pa gombe, kanagwa chagada, mtolo n'kumasuka, kuwala koyera n'kudzaza nsalu yonse ya pabedi. Ndinati ndi mawu aang'ono a kankhandwe, "Mabuluku atatu. Ndi zitsulo ziwiri za mabuleki a minibasi. Makilo khumi ndi anayi. Koma sindiuza munthu, chifukwa fuluyu ndinamuimira pa ukwati wake."

Palibe anaseka. A Kamwendo anatambasula dzanja n'kuimitsa filimu. Kunagwa chete uja wa m'mafilimu a asamurai, wa mphindi zitatu, ndipo kwa nthawi yoyamba pa ntchito yanga yonse sindinamudzaze.

Anayamba ndi a Kamwendo, osatembenuka. "Zinali ziwiri zokha."

Kumbuyo, mbali yozizira, a Mbewe anayankha. "Makilo khumi ndi anayi, achimwene."

"Sikelo za azungu zimawonjezera."

"Ndinakayezanso kunyumba."

"Minibasi ya mng'ono wanga inali pa mawe, ana asanu akudya chiyani? Ndikanakuuzani mukanakana."

"Ndikanakana. Koma mukanandiuza."

A Kamwendo anadzuka, nayenda pakati pa mipando mpaka kumbuyo. Atafika pamaso pa a Mbewe anayamba kugwada. Kaya anatengera kwathu, kaya kwa asamurai, sindikudziwa, koma maondo awo analira ngati nkhuni zouma, ndipo atafika pansi zinaonekeratu kuti kudzuka sikutheka. Ananena mawu ochepa amene ife sitinawamve. A Mbewe anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anawagwira m'khwapa n'kuyamba kukoka. "Inunso mwapitirira 23," anatero. Apo m'pamene holo inaphulika, amayi n'kuyamba nthungululu, a ku Zambia akumenya mipando. Mayi Mbewe anabweza makiyi m'chikwama, nati filimu ipitirire chifukwa akufuna adziwe ngati kankhandweko kanafika.

Julayi: kupuma pa ntchito

Mungaganize kuti anandinyamula pa mapewa. Simukuwadziwa akuluakulu. Chinthu choyamba chimene a Kamwendo ndi a Mbewe anagwirizana patatha zaka zitatu chinali chakuti wolakwa ndi ine. Mlandu unazengedwa m'khitchini ya holo, awiriwo atakhala pa benchi imodzi, akudya mandasi anga.

"Unalonjeza kuti suuza munthu," anatero a Mbewe.

"Inanena ndi nkhandwe, ankolo."

"Ndinati zolembedwa zokha," anatero a Kamwendo.

"Munatinso womasulira ndiye mwini filimu."

"Mwamumva? Alibe ndi chisoni chomwe."

Chisoni ndinalibedi, ndipo mpaka lero ndikuchifunafuna. Chigamulo chinali chotere: ntchito yatha pompo, pulojekita ipita kwa mayi Mbewe, amayi anga alanda foni ndi laputopu mwezi wathunthu, n'chifukwa chake mbiriyi ndikuilemba ndi cholembera m'kope la masamu. Ndipo zitsulo zija ndizinyamule ndekha kuchoka ku Evington kupita kwa a Kamwendo ku Spinney Hill, pa basi, popanda wondithandiza. Ndinazinyamula ndikuimba mluzu. Dalaivala anandifunsa ngati ndikumanga galimoto yangayanga pang'onopang'ono, ndinamuuza kuti eya, chaka chamawa ndibwera ndi matayala.

Tsiku la ulendo a Mbewe ndiwo anayendetsa galimoto kupita ku bwalo la ndege, ine kumbuyo monga wonyamula katundu, awiriwo akukangana njira yonse za amene anali ndi chibwenzi choyamba ku Limbe. Pa sikelo sutikesi ya a Kamwendo inapitirira. Anatsegula, mzere wonse ukuonerera, a Mbewe ataima pambali manja ali kumbuyo, nkhope ili phee ngati ya dikoni. A Kamwendo anayang'ana suti yawo ya tchalitchi, anayang'ana chithunzi cha malemu akazi awo cha mu felemu, anayang'ana zitsulo. Kenako anatulutsa zitsulozo, nazikulunga ndi buluku, n'kundisenzetsa m'manja.

"Ukamva kuti wina akubwera kwathu, umupatsire."

"Ndimuuze kuti muli chiyani, ankolo?"

Anayang'ana a Mbewe, a Mbewe n'kuyang'ana kudenga.

"Zovala chabe," anatero onse awiri.

Anakumbatirana nthawi yaitali, mpaka ine ndinayamba kuwerenga zikwangwani. Pobwerera, titalowa mu Leicester, a Mbewe anandifunsa ngati m'katoni muja mwatsala ya asamurai imene iwo anaiphonya.

Zitsulozo zili pansi pa bedi langa. Ndi penshoni yanga yonse, ndipo sindidandaula, pakuti ena amapuma pa ntchito osatenga ngakhale chitsulo chimodzi. Koma ana anga, tsiku lina mukamadzapita ku Malawi, bambo wanu n'kukupatsirani kaphukusi, n'kukakamira kuti aike okha m'sutikesi, mudzayambe mwakanyamula.